Manachesi Omangira Bafa

Kwathu kwa Kanduku sitinkagawa ndalama, tinkagawa mitengo. Manachesi akayamba kuchita chikasu, abambo ankayenda m'munda wa kuseri kwa nyumba, amayi ali pambuyo, n'kumagunda mtengo uliwonse ndi chikhatho. Uwu wa feteleza. Iwiri iyi ya sopo, mchere ndi kuchigayo. Uwu wa yunifomu ndi makope. Mavenda akabwera kudzagula, zimene mtengo wabereka zinkagwira ntchito yake yokhayo. Wa feteleza sunkabwereketsa kwa wa sopo.

Chaka chimene ndinali Sitandade 8, mtengo waung'ono wa pafupi ndi khola la mbuzi unapatsidwa bafa.

Bafa lathu linali laudzu, lopanda denga, pakati pali mwala waphanthiphanthi woimapo. Mbuzi zinali zitadya udzu wa m'munsi mpaka kusiya mawindo. Pakhomo tinkatchinga ndi chitenje chakale cha chipani, chokhala ndi nkhope ya bambo wina amene anaimira uphungu n'kulephera. Ndinkachipachika chotembenuza, chifukwa ngakhale iyeyo ndinkachita naye manyazi.

Koma vuto langa lenileni linali njira. Nyumba yathu ili m'munsi mwa chitunda, ndipo pamwamba pa bafa pamadutsa njira imene amuna ogulitsa makala amakankhamo njinga popita ku Boma. Munthu akafika pamene pali mtengo wa msuku, amaona m'bafa mwathu kuyambira m'mapewa kupita m'mwamba. Ndili mwana sindinkalabadira. Chaka chimenecho ndinali nditakula, choncho ndinkasamba monjuta, mofulumira, khutu lili ku njira. Ndikamva kulira kwa tcheni cha njinga ndinkangoti zii pamwala paja, thovu likuumira pamsana.

Abambo anali ndi maganizo awo. Anali ataona bafa la simenti kwa mnzawo ku Boma, ndipo kuyambira tsiku limenelo matope a m'bafa mwathu anayamba kuwanyansa. Ankati munthu sangasambe thupi lonse n'kutuluka mapazi ali ngati wachokera kudimba. Manachesi atagulidwa, anawerengera kuti mtengo uja ukwanitsa njerwa pang'ono zotsala pa uvuni wa aneba, ganyu ya mmisiri, ndi thumba limodzi la simenti lothira pansi. Njerwazo zimangidwa ndi matope. Chitseko chidikira chaka chamawa. Thumbalo analitenga okha pa njinga, n'kuliika m'chipinda mwawo pamwamba pa matabwa, ndipo mlendo aliyense ankauzidwa kuti lilipo.

Mmisiri atafunsa kutalika kwa khoma, abambo anaima pabwalo, n'kuika dzanja pamwamba pa mutu wawo. Anati apa pakwana, kupitirira apa n'kuwononga njerwa.

Abambo anga ndi aafupi. Ine chaka chimenecho ndinali nditawapitirira, koma iwo sankadziwa, ndipo sikunali kulakwa kwawo. Ndikamawapatsa madzi ndinkagwada. Akandiitana ndinkagwada ndisanayankhe. Kutchalitchi iwo ankakhala mbali ya abambo, ine ya amayi. Panali patapita zaka ndisanaimepo pafupi nawo, moti m'maso mwawo ndinali ndikadali kamwana kofika m'chiuno.

Khoma linakwera masiku awiri, lofiira bwino, longa la nyumba ya aphunzitsi. Aliyense ankaliyamikira. Ine ndinalowamo mmisiri atapita kukadya, ndinaima pamwala, ndipo ndinaona msuku uja bwinobwino, ndi njira yomwe. Bafa laudzu lija linali lalitaliko kuposa ili. Madzulo ndinalemba m'kope langa kuti khoma ndi lokongola, n'kulephera kupitiriza.

Mwana wamkazi angayambe bwanji kuuza bambo ake nkhani ya kusamba? Ndinayeseza mawu ndikutsuka mbale. Amayi ndiwo anandiona ndikungopukuta mbale imodzi yomweyo. Anandifunsa ngati ndikudwala, ndinakana. Anafunsa ngati ndi mayeso, ndinakananso. Kenako ndinangoti, "Njira ija, amayi." Anayang'ana kuchitunda, anayang'ana ine kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kuseka pang'ono.

M'mawa mwake mmisiri anabwera kuti athire simenti. Abambo anali atatulutsa kale thumba lija. Amayi anawapempha kuti asanalitsegule akwere kaye pa msuku paja, akaone mmene bafa lawo likuonekera kwa anthu odutsa. Abambo anakondwa nazo, poganiza kuti akukasirira ntchito yawo. Atangotembenuka, amayi anandikankhira m'bafa, ndili mu yunifomu yanga.

"Ima mowongoka. Usagwade, lero lokha."

Ndinaima. Mawondo ankafuna kupinda okha. Abambo anafika pa msuku, anatembenuka, manja ali m'chiuno, ndipo tinaonana maso ndi maso pamwamba pa khoma. Ine ndinayang'ana pansi. Nthawi yomweyo kumbuyo kwawo kunatulukira bambo wina akukankha njinga ya matumba a makala, n'kuwapatsa moni. Abambo anayankha moniyo ataimirira pakati pa munthuyo ndi bafa, atatambasula jekete ngati nkhuku yofungatira anapiye.

Anatsika chitunda chija. Atafika pabwalo anandiitana, ndipo nditayamba kugwada anandiletsa. Anaima pambali panga, phewa ndi phewa, n'kuyang'ana m'mwamba.

"Amake mwana, uyu mwamuthira feteleza wa mtengo uti?"

"Wa mtengo wanu womwewo," anatero amayi. "Inu mumangoyang'ana manachesi."

Ndalama za mtengo wa bafa zinali zitatha, ndipo abambo sakanakhudza wa feteleza ngakhale zitavuta bwanji. Anayang'ana thumba la simenti nthawi yaitali. Kenako analikweza pa njinga n'kupita nalo kwa aneba aja, amene ankafuna kukonza khonde lawo, ndipo anabwerako atasinthanitsa ndi njerwa. Ine ndi amayi tinazituta pamutu. Mmisiri ankati akamaliza mzere, abambo ankakwera pa msuku kukayang'ana, ine nditaima m'kati ngati muyezo, mpaka pamene anakuwa ali komweko kuti sakuonanso ngakhale tsitsi.

Pansi panakhalabe mwala uja ndi matope ake chaka china chathunthu, pakhomo pali chitenje cha phungu wolephera. Abambo ankatuluka m'bafa akuyenda ndi zidendene, akudandaula kuti m'nyumba muno munthu amagula simenti n'kukaipondera kwa aneba. Ine ndinkasamba choimirira, mosafulumira, njinga za makala zikulira kumtunda. Tsiku lina amayi anachita kugogoda pakhoma, kundikumbutsa kuti madzi a m'ndowa si a ine ndekha.