Telala wa misoko ya kunja

Achemwali anga ndi telala, ndipo ndi munthu wamakani kuyambira ali mwana. Anabadwa ndi khungu losalimba. Likangokhulana ndi kanthu limatuluka matuza, n'kusupuka ngati apsa ndi madzi otentha. Zovala zawo amasoka msoko uli kunja kuti usawakhule, manja aatali mpaka m'zikhatho.

Ena odwala nthenda yomweyo anamva za kasokedwe kameneka. Ankabwera mmodzimmodzi kuseri kwa shopu, kudzayezetsa chitseko chili chotseka.

Chaka china kuchipatala chachikulu anayamba kafukufuku wa mafuta atsopano odzola pa zilondazi. Odwala anasowa, poti nthendayi ndi yapatalipatali, ndipo eni ake amabisala. Nesi wina anafika pashopu.

"Mayi, anthu akapanda kukwana titseka kafukufukuyu. Tiuzeniko makasitomala anu odwala, tikawayendere."

"Iyayi," anatero achemwali. "Anthu amandivulira kuti ndiwayeze, osati ndikawaulule."

Ndinati nkhani yatha. Ayi ndithu! M'mawa mwake ndinawapeza atatulutsa makina pakhonde, atavala diresi yopanda manja, mabala onse pamtunda. Ndinapsa mtima.

"Achemwali, mutu ukuyenda bwino? Mukufuna anthu azikulozani zala?"

"Aziloza. Zala n'zawo."

Wodutsa aliyense akayang'anitsitsa, ankamuitana. "Bwerani muone bwino, sizipatsirana! Ngati kwanu kuli wotere, muuzeni kuchipatala akuyesa mankhwala. Kulowa n'kufuna kwake, kutulukanso n'kufuna kwake."

Makasitomala a mayunifolomu anathawa. Mwini nyumba anadandaula kuti akumuipitsira khonde, achemwali n'kumuuza kuti lendi ya khonde amalipiranso. Koma odwala aja anayamba kufunsa, ena monong'ona, ena kudzera mwa abale awo. Tsiku lokayezedwa tinapita gulu, achemwali ali patsogolo.

Pamene dokotala anawayeza iwo, anapeza kuti impso zawo sizili bwino. Malamulo a kafukufukuyo salola munthu wotero.

Ine ndinakalipa mpaka mlonda anasuzumira. Achemwali anandigwira mkono, n'kufunsa dokotala, "Enawo akwana?"

"Akwana, mayi."

"Ndiye musatseke."

Analira tili panjira, kulira kwenikweni, ine sindinawaonepo akulira chotero. Atapukuta misozi anandiyang'ana.

"Iwe, pakamwa pakopo utseke. Anzanga aja akamva kuti ine andikana, mitima iwagwa, ena asiya."

"Ndiye muziwanamiza?"

"Wondifunsa ndimuuza zoona. Koma sindikhala kunyumba."

Mpaka lero, tsiku la kiliniki likafika amatseka shopu. Amakakhala pabenchi pamodzi ndi anzawo, kuwaseketsa, kukalipira ochedwa. Nesi amaitana wina aliyense kulowa m'kachipinda kolandirira mafuta. Benchi ikatsala ndi iwo okha, amanyamuka n'kubwerera kukasoka.