Sabata Imene Ababa Anabwereka Mphaka Wathu

Mphakayo anabwera kwathu ndisanakonzeke. Mzimayi wina wa ku Ulaya amene ndinkagwira naye ntchito ku City Centre atatsala pang'ono kubwerera kwawo, anaima pa tebulo langa misozi ili lengelenge, n'kundipempha kuti ndimutenge mphaka wake. Ndinavomera msangamsanga. M'mutu mwanga mphaka anali mphaka basi, wodya zotsala n'kumagona pakhonde. Loweruka lake galimoto inaima pageti pathu ku Area 9, ndipo munatsika mphaka, beseni lake la mchenga wodzithandiziramo, zipeso ziwiri, thumba la chakudya chake ndi kabuku kolembamo katemera. Ndinangoti kakasi. Ine mwini wake nyumba ndinalowa m'tauni muno ndi kachikwama kamodzi kokha.

Mtundu wake akuti ndi Ragdoll, kutanthauza chidole cha nsanza, ndipo amene anatcha dzinalo sananame. Ukamunyamula amangoti lobodo m'manja, mutu uko, miyendo uko, ngati alibe mafupa. Tsiku loyambalo ndinakuwa kuti wafa, mwini wake n'kundiseka. Mphakayo anali wamkulu ngati kagalu, ubweya wautali woyererako, nkhope yodera, maso a buluu. Malamulo ake anali awiri. Azipesedwa pafupipafupi kuti ubweya usamangane, ndipo asatuluke panja, chifukwa sadziwa kuthawa ngakhale kumenyana. Galu atamuthamangira, iye akhoza kupita kukamununkhiza.

Panyumba tinkakhala awiri, ine ndi mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi. Chichokere bambo ake pakhomopo, mwanayu anali atasanduka wa zii. Ukamufunsa za kusukulu ankangoti "bwino", n'kulowa kuchipinda. Mphaka uja atabwera, ndinayamba kumva mawu kuseri kwa chitseko. Mwanayo ankamufotokozera mphakayo za aphunzitsi a masamu, za mnzake amene anamubera labala, kwinaku akumupesa. Kenaka nkhani zija zinayamba kufika ndi patebulo pomwe. Ine amene ndinkang'ung'udza ndi ubweya pa sofa ndinatseka pakamwa, chifukwa chinyamacho chinandibwezera mwana wanga.

Mu Ogasiti bambo anga anabwera kuchokera kumudzi kwathu, kuseri kwa Mitundu, kudzaonetsa maso kuchipatala. Amakhala okha chimwalirire mayi, ndipo amalimabe okha. Atapeza mdzukulu wawo akupesa mphaka pamphasa, anachotsa chipewa n'kuyang'anitsitsa.

"Kodi ameneyu amagwira ntchito yanji pakhomo pano?"

"Sagwira ntchito, agogo. Ndi mnzanga."

Ababa anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anayamba kudandaula za makoswe. Masiku ano chimanga sachisiya m'nkhokwe panja kuopa akuba, amachitonola n'kuchisunga m'matumba m'nyumba, ndiye makoswe anali atapeza pogonera ndi podyera pamodzi. Mphaka wawo anali atafa dzinja lathalo. Ine ndinkamva ndi khutu limodzi, maso ali pafoni, kumangoti "pepani, Ababa, tiona."

Ananyamuka Lachiwiri masana, ine ndili kuntchito, mwana ali kusukulu. Titafika madzulo ake mphaka panalibe. Tinasuzumira pansi pa mabedi, m'makabati, kuseri kwa firiji. Tinazungulira mpanda wonse tikuitana. Ine ndi wamtima wapachala, ndipo woyamba kumupsera mtima anali mayi wotithandiza ntchito zapakhomo. Analumbira kuti anangopita kukagula masamba, ndipo pobwera anapeza agogo atapita, chitseko chili chotseka bwinobwino. Sindinamumvere. Ndinamuuza kuti anasiya geti lotsegula, iye n'kulira, ine osamva chisoni ngakhale pang'ono.

Lachitatu ndi Lachinayi ndinayenda geti ndi geti ndi chithunzi cha pafoni. Alonda ena ankandiyang'ana ngati mutu wanga sukuyenda, mayi wamkulu wovala za kuofesi kumafunsa za mphaka. Mmodzi anandiuza mosabisa kuti pa nyumba ya pakona pali agalu atatu olusa, ndipo ndisavutikenso. Ababa ndinawaimbira kuti ndimve ngati anafika bwino, koma foni yawo inali yothima, monga imakhalira nthawi zambiri. Za mphaka sindinawaganizire n'komwe. Mwana wanga anasiya kudya. Ankangokhala pansi pafupi ndi kambale ka mphaka, chipeso chili m'manja, ndipo "bwino" uja anabwereranso.

Lachisanu cha m'ma teni ndili pa tebulo langa, foni inalira. Anali Ababa, atapita kukatchajitsa pa msika.

"Iwe, mphaka wako uja ndi wotani kodi? Masiku atatu, ngakhale khoswe mmodzi osagwira."

Mutu wanga unaima. "Ababa, mukuti chiyani? Mphaka ali kwa inu?"

"Ee, ndinamubwereka. Nanga si amangokhala kumeneko. Sanavute n'komwe, ndinangotsegula thumba iye n'kulowa yekha. Akamaliza ndimubweza."

"Mukumupatsa chiyani?"

"Kumupatsa? Waiwala kodi? Mphaka wobwereka sapatsidwa chakudya, angakhute n'kugona. Ndamutsekera m'chipinda cha chimanga kuti njala imukumbutse ntchito yake."

Sindinaiwale ayi. Kwathu mphaka amabwerekedwa ngati khasu. Umamuika m'thumba kuti asaone njira, umamutsekera komwe kuli makoswe, umamuikira madzi okha, ndipo pakatha sabata umamubweza kwa eni ake atanenepa. Ineyo ndili mtsikana ndinasenzapo thumba lotero kuchokera kwa azakhali. Ababa sanabe kanthu. Anabwereka chinthu cha m'nyumba ya mwana wawo, ndipo kwathu zimenezo sapemphera chilolezo. Koma mphaka uyu chibadwire anali asanaonepo khoswe.

Ndinatuluka mu ofesi osatsanzika. Ndinadzera kusukulu kukatenga mwana, n'kumuuza kuti mphaka wapezeka kwa agogo. Analumpha, nandikumbatira, ndipo ine ndinalephera kumuuza zotsalazo. Pa mlatho wa ku Old Town magalimoto anali atathinana, maminibasi akulowerera paliponse, akabaza akudutsa pamphuno. Ndinaliza hutala ngati wamisala. Titalowa msewu wafumbi, mwana anafunsa ngati agogo akumupesa. Ndinati sindikudziwa.

Tinapeza Ababa ali pansi pa mtengo wa mango ndi amuna awiri a m'mudzimo, ndipo azimayi oyandikana nawo akusenda mtedza pakhonde. Sindinapereke moni. Ndinapita molunjika kukachipinda kaja, n'kumasula waya amene anamangira chitseko. Munatuluka fungo la mikodzo ya makoswe losakanikirana ndi la mankhwala a ufa aja amathira m'chimanga kuti chisafumbwe. Maso atazolowera mdima, ndinamuona. Anali atagona pamwamba pa thumba, ubweya wonse utamangana mabuthumabuthu, utatuwa ndi fumbi la mankhwalalo, pakamwa pakutuluka dovu. Anali akudzinyambita masiku atatu onsewo. Khoswe wonenepa anadutsa pa thumba lomwelo, pafupi ndi mchira wake, osafulumira n'komwe.

Mwana wanga anamuitana. Mphaka anayankha ndi timawu tating'ono, osadzutsa mutu. Atamunyamula anati lobodo monga mwa masiku onse, koma tsiku limenelo panalibe wodziwa ngati ndi chibadwa chake kapena akutsirizika. Mwanayo sanalire. Anangondiyang'ana.

Pamenepo ndi pamene ndinatembenuka. Ababa anali ataima pakhomo, anzawo aja ali kumbuyo kwawo, azimayi atasiya mtedza.

"Mwaona zimene mwachitazi? Mukufuna kundiphera mwana? Ndani anakuuzani kuti mutenge? Mukabwera kunyumba kwanga muzingokhala, musamagwire kanthu! Zinthu za kumeneko simuzidziwa inu!"

Mawu anatuluka mokweza moti nkhuku zinabalalika. Mayi wina anagwira pakamwa. Amuna aja anayang'ana pansi n'kuyamba kusuntha pang'onopang'ono. Chibadwire changa ndinali ndisanawakwezerepo mawu bambo anga, ndiye ndinayambira pagulu, pabwalo pawo pomwe.

Ababa anavula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri. "Pepani, mayi. Sindinadziwe."

Potuluka ndinaponda chimanga. Ndinayang'ana pansi ndipo ndi pamene ndinaona bwino matumba aja. Anali obookabooka, ena ataphwa mpaka pakati, pansi ponse pali gaga ndi zitosi za makoswe. Chimenecho chinali chakudya chawo cha chaka chonse, cholimidwa ndi munthu wosaona bwino. Ndinaona, komabe ndinangokwera galimoto, chifukwa mtima unali ukadali m'mwamba.

Dokotala wa ziweto ku Old Town anamuika mphaka pa diripi, anamumeta ubweya wonse womanganawo, n'kutiuza kuti tikanachedwa tsiku lina limodzi bwenzi nkhani ili ina. Patatha sabata ziwiri anayambanso kudya yekha. Lero ali bwino, ubweya unameranso, ndipo akugona pa sofa pamene ndikulemba izi. Mayi wotithandiza uja ndinamupepesa, anandikhululukira. Mwana wanga sanasunge kanthu kukhosi. Ndi iye amene anayamba kuwaimbira agogo ake kuwauza kuti mphaka wachira.

Ine ndinapita kumudzi mwezi wotsatira ndi misampha ya makoswe ndi mgolo wachitsulo wosungiramo chimanga. Ndinagwada pamaso pawo n'kupepesa, azakhali ali pompo. Ababa anati zinatha kalekale, ndisadandaule, ndipo ndinabwerera nditapepukidwa.

Mu Disembala anabweranso kudzaonetsa maso. Nditafika kuchokera kuntchito ndinawapeza pakhonde, atakhala pa kampando ka pulasitiki, chikwama chawo chili pamiyendo, mvula ikuwawaza m'mapazi. Mayi wotithandiza uja anandinong'oneza kuti afika m'mawa, ndipo akana kulowa. Tiyi amene anawaikira pa tebulo la pambali pawo anali atazizira, chifukwa palibe anawapatsa kapu m'manja.

"Ababa, lowani m'nyumba, munyowa."

Anamwetulira mwaulemu, ngati mlendo wodikira basi pakhonde la eni.

"Pano pali bwino, mayi. M'katimo ndingagwire kanthu."