Mzere Wokhota Kuseri kwa Khutu

Dzina loti Tiwonabe anawapatsa ndi makasitomala awo omwe. Bambo amenewa ali ndi kashopu kometera pafupi ndi telala, ndipo palibe chimene munthu angawauze iwo n'kungovomera. Ukati magetsi ayaka masana, amati, "Tiwonabe." Ukati mwana wako wakhoza mayeso, amati, "Tiwonabe satifiketi yake." Ngakhale galasi lawo lalikulu analikoloweka mopendeka dala, kuti pometa aziona khomo, msewu, ndi dzanja lililonse loyandikira kabotolo ka sipiriti. Kumeta amatha, pamenepo tisawanamizire. Koma kukhala nawo nyumba imodzi inali ntchito yakalavulagaga.

Akazi awo anapirira mpaka kutopa. Anali mayi wofatsa, woluka anthu tsitsi pakhonde. Akapita kumsika, pobwera ankapeza mafunso ali ndanda: wachedwa kuti, wakupatsa moni uja ndani, fumbi lofiira lili kunsapatoli walitenga msewu uti? A Tiwonabe sanawagwirepo ndi kalikonse, koma kwa iwo zimenezo zinkangosonyeza kuti mkaziyo ndi wochenjera. Tsiku lina pochokera kushopu anapeza akazi awo ndi sutikesi yawo palibe. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anatsala ndi bambo ake chifukwa cha sukulu, ndipo a Tiwonabe anauza aliyense wokhala pampando wometera kuti, "Si ndinkanena ine?"

Mwanayo ankamutchula kuti Tsabola, chifukwa cha pakamwa pake. Atafika kusekondale, ukamufunsa funso limodzi ankakubwezera mayankho odzaza dengu, kenako chitseko phwaa! A Tiwonabe ankadandaula kwa anthu, koma mumtima zinkawakhalira bwino. Mwana wolalata ankamumvetsa, chifukwa zonse zili poyera.

Pa tchuthi chachikulu mpingo unakonza makampu a achinyamata, ina ikatha ina n'kuyamba, pasukulu ina yogonera konko kunja kwa tauni. Tsabola anati akufuna kupita. Bambo ake anakana, koma a Telala, omwe ndi mkulu wa mpingo, anawanyengerera mpaka anafewa. Komabe sanalole asanakaone okha basi yonyamula anawo, matayala ake, ndi maso a dalaivala.

Tsabola anabwerako ali munthu wina. Anapereka moni mwaulemu. M'mawa ankakhala pakhonde n'kumawerenga Baibulo milomo ikuyenda, kenako n'kubweretsa tiyi kushopu. Matawelo ometera ankachapa osatumidwa. Chitseko chija, chomwe mahinjesi ake anali atagwedera ndi ukali wake, tsopano ankachitseka ngati mukugona khanda.

Kholo lina likanathokoza Mulungu. A Tiwonabe tiyi uja ankayamba amununkhiza.

"Pali mnyamata apa," anauza a Telala.

"Achimwene, mwana wakumana ndi Ambuye. Inu vuto lanu n'chiyani?"

"Tiwonabe. Ambuye ake ovala jinzi amenewo."

Tsiku lina anaona mtsogoleri wa achinyamata akudutsa, n'kumukokera pampando ati ndevu zamukulira. Lumo lili pakhosi, anamufunsa kumene anyamata amagona, kumene atsikana amagona, ndi amene amasunga makiyi. Mnyamata wa anthu, woonda ngati chipeso, anatuluka thukuta n'kuyankha zonse, mavesi omwe. A Tiwonabe sanapeze kanthu, ndipo monga mwa nthawi zonse anati ameneyu ndi wochenjera.

Madzulo ena Tsabola akuchotsa mbale anaima n'kufunsa, "Ababa, kodi munthu ukafuna kumukhululukira, umayenera kumuuza?"

"Walakwa chiyani iwe?"

Tsabola wakale akanaphulika. Uyu anangotseka maso pang'ono, n'kupuma mozama. "Palibe, Ababa. Ndakuikirani madzi kubafa."

Kukampu yachiwiri anabwerako ataluka tsitsi, mizere yopita kumbuyo. A Tiwonabe anali pakati pometa mphunzitsi wina pamene mwanayo anawerama kusesa tsitsi pansi, ndipo galasi lopendeka lija linawaonetsa mutu wake chakumanzere. Makina anaima m'manja, mphunzitsi ali ndi theka la mutu.

Kuseri kwa khutu la kumanzere Tsabola ali ndi chipsera. Anagwa pasitepe akuphunzira kuyenda, ndipo pamenepo tsitsi silimera. Oluka onse amangodutsa mowongoka, kadazi kaja n'kukhala pambalambanda. Munthu mmodzi yekha ndi amene ankakhotetsa mzere womaliza kuti uphimbe chipseracho, n'kupinda nsonga yake kunsi. A Tiwonabe angaiwale nkhope ya munthu, koma ntchito ya pamutu saiwala. Mzere umenewo unalukidwa ndi amake Tsabola.

Apa ndiye anachita mantha, mantha enieni. Anakumbukira kuti akazi awo nawonso, atatsala pang'ono kuchoka, anasiya kuyankha. Anachapa makatani, anasita malaya onse, anafatsa ngati madzi a mumtsuko. Ndiye kuti tiyi uyu, matawelo awa, ulemu wonsewu, sikunali kutembenuka mtima ayi. Mwana ankatsanzika.

Sanamufunse, chifukwa ankadziwa kale kuti anama. Kampu yomaliza itayamba, anachita zomwe sanachitepo chitsegulire shopu: anakhoma loko dzuwa lili pamutu n'kukwera minibasi. Pageti la sukulu ija sanalowere. Anazungulira kumene mpanda unagwa, nyimbo za achinyamata zikumveka muholo, mpaka anakabisala kuseri kwa thanki yamadzi pafupi ndi khitchini. Bambo wamkulu, imvi zili mbuu, ataima m'matope a pampopi ngati wakuba nkhuku.

Sanadikire nthawi yaitali. Pakati pa amayi otsuka mapoto panali akazi awo, atavala epuloni, atanenepako pang'ono. Kenako ana anatuluka muholo, ndipo Tsabola anathamanga molunjika, n'kukhala pansi pakati pa mawondo a mayi ake. Chipeso chinatuluka m'thumba la epuloni. Ankacheza, ankaseka, Tsabola akuponya manja monga ankachitira ali wamng'ono. Kuseka kumeneko bambo ake anali atakuiwala.

Moyo wawo wonse a Tiwonabe ankafuna kugwira munthu. Tsiku limenelo anagwiradi, ndipo sizinawakomere ngakhale pang'ono. Anabwerera ndi nsapato zamatope. Kunyumba analowa kuchipinda kwa mwana n'kutsegula kabati kuti aone ngati yunifolomu ilimo. Inalimo. Anati imeneyo ndi nyambo chabe.

Masiku otsalawo anameta anthu mosalankhula, akusanja mafunso mumtima, lina pamwamba pa linzake. Unayamba liti kuonana nawo? Anakonza zimenezi ndani, a Telala? Mwagwirizana kuti uchoka liti? Tsiku lobwerera ana, maso awo sanachoke pagalasi. Basi inaima patsidya pa msewu. Anatsika ana a eni, mmodzimmodzi, ndi zikwama ndi mabulangete awo. A Tiwonabe anali atatsimikiza kale kuti wawo satsika, pamene anamuona ali pakhomo la basi akutsanzikana ndi anzake.

Tsabola analowa mushopu muli zii, n'kuika chikwama pabenchi. Bambo ake asanatsegule pakamwa, iye anayamba.

"Ababa, thanki ija ndi yaing'ono. Mimba yanu imaonekera."

Tsabola wakale anali akadalimo ndithu. A Tiwonabe anagwira chipeso, n'kuchisiyanso.

"Amayi amaphika kumakampu," anapitiriza. "Sindinkadziwa. Ndinangowaona tsiku loyamba akugawa chakudya. Ndinkafuna ndikuuzeni, koma ndinkaopa kuti mundiletsa kupitanso. Pamenepo ndinalakwa, pepani. Andipempha kuti ndizikakhala nawo."

"Ndiye wabwera kudzatenga katundu."

"Ndabwera kwathu. Kwa amayi ndizipita kukacheza, ndipo ndizikuuzani popita."

Liwu lija linafika pamilomo mwachizolowezi, koma anangoti, "Tiwo..." n'kulimeza. M'malo mwake anafunsa mwaukali, "Munthu anakusiya uli mwana, lero wangomukhululukira basi? N'zimene akuphunzitsani kumeneko?"

Tsabola anawayang'ana m'maso, misozi ili lengelenge.

"Amayi ndinawakhululukira tsiku lomwelo. Sizinavute. Tinalira, basi zinatha. Amene ndakhala ndikupempha Mulungu tchuthi chonsechi kuti andithandize kumukhululukira ndi inu, Ababa. Ndinkamva zonse mmene munkawafunsira amayi. Ndinkaona mukutembenuza nsapato zawo. Tiyi uja, matawelo aja, ndimayesa. Mpaka pano zikundivutabe, koma ndikuyesa."

A Tiwonabe anakhala pansi. Anapezeka ali pampando wa makasitomala, umene sankaukhalira n'komwe. Zaka zonsezi ankadziwa kuti m'nyumba mwawo muli munthu wolakwa, ndipo anamufunafuna m'zikwama, m'nsapato ndi m'maso mwa anthu odutsa. Anachita manyazi, ndipo manyaziwo anali owawa kuposa mantha aja.

Kukhoma linalo makina a a Telala ankangolira. Tsabola anapukuta m'maso, n'kutenga tsache kuseri kwa chitseko. Anasesa pansi pa benchi, anasesa pakhomo, kenako anafika pampando. Mzere wokhota uja unali pafupi kwambiri, woti bambo ake akanatha kuukhudza. Mafunso onse anasanja aja anali akadali pakhosi, amoyo, akufuna potulukira.

"Kwezani miyendo, Ababa."

Anakweza miyendo, ndipo sanafunse kalikonse.