Khadi la a Kalisto Linatsala Kunyumba

A Kalisto Chimbalanga ankalima kachewere ku Bembeke. Mu 1971 mutu wawo unasokonekera, ndipo anagonekedwa miyezi isanu m'chipatala ku Zomba. Anabwerako ali bwinobwino, koma mudzi sunafune kumva zimenezo. Pamaliro adzukulu ankawamana khasu lokumbira manda, ngati kuti misala imatsalira pampini. Kutchalitchi benchi lawo linkakhala la anthu awiri okha: iwo ndi akazi awo, a Dorika, amene analumbira kuti mawu oti "wamisala" sadzatuluka pakamwa pawo.

Loweruka lina, a Kalisto atasenza thumba la kachewere, a Dorika dengu, anyamata a chipani anawaimitsa pakhomo la msika wa pa Boma.

"Khadi la chipani!"

A Kalisto anapisa m'matumba monse. Linali litatsala m'malaya ena.

"Ndaliiwala kunyumba," anatero. "Kapena kachewereyunso agule lake?"

Masiku amenewo nthabwala yaing'ono ngati imeneyo inkasowetsa munthu. Mnyamata wina anawagwira pakhosi, mnzake n'kuthamanga kukaitana galimoto.

A Dorika anatula dengu n'kugwada pafumbi.

"Asiyeni, ana anga. Ndi amisala awa. Funsani aliyense wa ku Bembeke."

A ku Bembeke omwe analipo anavomera msangamsanga, wina mpaka kuwonjezera zake. Anyamatawo anaseka, n'kuwakankhira kumbali.

Atafika pakhomo pawo, a Kalisto anatula thumba pansi.

"Mwandipulumutsa, mayi," anatero motsitsa mawu. "Koma lilime lanu silinapunthwe ngakhale pang'ono."