Belu la m'munsi mwa phiri

Mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga, ankaika mawaya a magetsi m'nyumba za anthu. Anakwatira kumtunda kwa Likhubula, m'munsi mwenimweni mwa phiri. Tsiku limene napolo anatsika, iye anali pa ntchito ku Chinakanaka. Mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi anali m'nyumba. Mkaziyo tinamupeza. Mwanayo mpaka lero ayi.

Akuchikazi anachita zonse mwaulemu. Maliro atatha anamusudzula, kuti mkamwini abwerere kwawo. Iye anakana. Anamata chipinda chimodzi chimene chinatsala pakati pa miyala ikuluikulu imene napolo anasiya, n'kumagona momwemo. Dzinja lina litayandikira ndinanyamuka ku Limbuli kukamutenga, chifukwa ndinkadziwa kuti akakhalabe pamenepo tidzamufukula ndi makasu.

Ndinamupeza pakhonde, maso ali pa foni, kasola kotchajira foniyo kali pambali. Bambo wandevu zake, akusewera gemu ija yomanga zinthu ndi timabokosi, imene ana a sukulu amathera nayo batire! Mtima unandipsa.

"Iwe, phiri ili silinakukwane?" ndinamufunsa.

"Achemwali, taonani kaye," anatero.

Mu gemumo anali atamanga phiri, mtsinje ndi nyumba yawo ija, mpaka khomo loyang'ana kumsewu. Kuchokera kumtunda kwa mtsinje anali atayala fumbi lofiira mzere umodzi mpaka pakhomo. Anati fumbilo ndiye waya wa mmenemo. Ukayatsa switchi limayaka, mphamvu n'kumayenda, koma imachepa bokosi lililonse mpaka kutheratu panjira. Ndiye umaika kachipangizo koiwonjezera, nako kamachedwetsa pang'ono. Pakhomo anapachika belu. Ankafuna kuti madzi akangoyamba kumtunda, belu lilire anthu athawe.

"Likalira madzi asanafike, tinyamuka," anatero.

Ndinavomera. Nanga ndikanatani, kumumanga pa kabaza ngati thumba la chimanga?

Ndinakhala naye masiku angapo, mitambo ikuunjikana pamwamba pa phiri. Ankathira madzi kumtunda, madziwo n'kukokolola fumbi lija, waya n'kuduka, belu lili zii. Amayalanso. Akaukwirira pansi waya uja, madzi amadutsa pamwamba osaukhudza, belu lili zii. Kudya ankangolawa. Ine ndinkamulalatira mpaka mawu kusasa, kenako n'kupita kuseri kwa mwala kukalira, chifukwa ndinali ndi mantha, ndiponso ndinali nditatopa naye.

Tsiku lina masana anandiitana. Anali atazitembenuza. Mu gemumo muli kamuuni kofiira kamene kamazima kakalandira mphamvu, n'kuyaka mphamvu ikachoka. Anakaika pafupi ndi belu, switchi ya kumtunda n'kuisiya yoyatsa nthawi zonse. Tsopano madzi akadula waya, kamuuniko kayake, belu lilire.

Anathira madzi. Fumbi linakokoloka. Belu linalira, ngee ngee, madzi akadali kutali ndi nyumba.

Ndinaomba m'manja ine, chitsiru! Ndinalowa m'chipinda n'kuyamba kupinda bulangeti lake, ndikuimba ndi kanyimbo komwe. Nditatuluka ndinamupeza wakhala momwe muja, foni ili pansi.

"Tiye, basi ingatisiye," ndinatero.

"Ndiye kuti zinali zotheka," anatero, osandiyang'ana. "Waya, batire ya njinga yamoto, hutala. Zonsezo ndinali nazo m'nyumba muno, achemwali. Ndinkaika mabelu pa mageti a anthu ena."

Ndinamuuza kuti gemu ndi gemu, napolo sathamanga ngati madzi a mu foni, amabwera ndi miyala munthu asanavale n'komwe nsapato. Ndinamukumbutsa lonjezo lake. Ndinagwada, ine mkulu wake, n'kumugwira miyendo. Ndinaitana ngakhale apongozi ake aamuna, iwo n'kumuuza kuti mwanawe tinakumasula kale, palibe amene akukuimba mlandu.

Anangoti mwana wake akadali pansi pa miyala imeneyi, ndipo sangamusiyenso yekha kachiwiri.

Ndinabwerera ku Limbuli ndekha, mvula itayamba kuwaza pa galasi la basi. Chikhalirecho, kukangochita mdima wa mvula kuphiriko ndimamuimbira foni, n'kumamvetsera ikuitana.