Aphunzitsi a Nduwira pa Maliro a Bambo

Sukulu za pulayimale zitakhala zaulere, ambiri tinathamangira kukaphunzira uphunzitsi. Pa koleji yathu kuno ku Chiradzulu ndinapezapo aphunzitsi amodzi achimwenye, a ku Punjab, ovala nduwira, ndevu zili mbuu. Amwenye tinkawadziwa m'masitolo ku Limbe, choncho kuwaona atagwira choko zinatidabwitsa.

Ankatiphunzitsa kulemba chimangirizo. Iwonso anali mlembi. Ankalemba nkhani zazifupi m'chinenero chakwawo n'kumatumiza kumanyuzipepala akumeneko. Sankalemba za akuluakulu ayi. Ankalemba za amayi opeta nandolo ku Mauwa, za fumbi la mu Okutobala, za odwala okwezedwa pa njinga.

"Lembani chimene mwaona ndi maso anu," ankatero, Chinyanja chawo chikupunduka pang'ono. "Zina zonse asiyireni ena."

Chaka changa chachiwiri, bambo anamwalira ku Milepa. Tsiku loika maliro ndinangoona njinga ya kabaza ikutsika kanjira ka kwathu, pambuyo pali nduwira ija. Anthu anawapatsa mpando. Iwo anakana, navula nsapato n'kukhala pansi ndi azibambo anzawo. Kumanda anatenga fosholo, naponyamo dothi. Kenako anandigwira paphewa.

Nditabwerera ku koleji anandiitanira ku ofesi kwawo.

"Ndalemba za maliro a bambo ako. Ukakana, sinditumiza," anatero.

Anandiwerengera m'chinenero chawo. Sindinamve liwu n'limodzi lomwe kupatula Milepa. Atamaliza anandiuza kuti bambo awo anamwalira iwo ali kuno, uthenga n'kufika mwambo wonse utatha kale.

"Sindinawaperekeze. Ndaperekeza ako," anatero.

Ndinawalola atumize.

Patapita zaka, ndikuphunzitsa ku Mpama, ndinamva kuti adwala matenda ofa ziwalo. Ndinakawazonda. Dzanja lamanja linali litauma, cholembera sichinkagwirikanso. Ankayesa kulemba ndi lamanzere, zilembo n'kumatuluka ngati za mwana wa sitandade wani. Anandionetsa akuseka, ine n'kulephera kuseka nawo.

Mwana wawo wamkazi anabwera kudzawatenga, nabwerera nawo kwawo mvula isanayambe. Za imfa yawo ndinamva kwa mnzanga wa ku koleji, tikudikira minibasi pa siteji. Ndinakwera, ndinafika kusukulu, koma tsiku limenelo ana ndinangowapatsa ntchito yolemba, ine n'kukhala panja pansi pa mtengo wa mango mpaka belu lowerukira.