Denga Langa M'magalasi a Boma

Kwa miyezi isanu ndi iwiri pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique ndinalondera malire paphiri lina pafupi ndi Muloza, ndipo tsiku lililonse ndinkaona denga la nyumba yanga koma sindinkaloledwa kupitako. Unali ulendo wa ola limodzi wapansi, mbali ya ku Milonde. Mkazi wanga anali woyembekezera. Mimba yoyamba inapita padera, mwini wake n'kupulumukira m'kamwa mwa mbuzi.

Ntchito yathu inali kuyang'ana tsidya la mtsinje. M'mawa tinkapukuta mfuti, masana nyemba, madzulo nyemba. Kutsidyako mfuti zinkalira, othawa nkhondo n'kumawoloka atasenza mphasa ndi nkhuku, ife n'kumalemba m'buku. Gulu lonse linali ndi magalasi oonera patali amodzi okha, ndipo lamulo linali loti aziloza kum'mawa. Ndikawatembenuzira kwathu, a sajeni athu, bambo wamfupi wa kumpoto, ankandipezerera.

"Msilikali, adani asamukira kwa apongozi ako?"

"Ayi bwana, ndikupukuta galasi."

"Uzipukuta ukuyang'ana Mozambique."

Kalata yopita kwa mkazi wanga inkakwera lole mpaka kubalaki. Kumeneko ankaiwerenga ndi kuidinda, kenako inkabwerera ku Mulanje Boma, n'kudzafika ku Milonde patatha masabata atatu. Lole yonyamula kalatayo inkadutsa pamphambano yolowera kwathu.

Choncho tinapangana m'makalata kuti mkazi wangayo akachira bwino, apongozi ayanike nsalu yake ya chipani padenga. Inali yowala, yooneka patali, ndiponso panalibe amene akanayerekeza kuba nsalu yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri.

Lachiwiri lina ndinaba magalasi aja, ndipo nsalu inali padenga. Ndinasuntha magalasi pang'ono. Padenga la oyandikana nawo panalinso nsalu. Kuseri kwake inanso. Ndinawerenga madenga khumi ndi anayi.

A sajeni anandilanda magalasiwo, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Mudzi wonse wachira tsiku limodzi? Ndi nkhalamba zomwe?"

Mayi wina wogulitsa nthochi kumunsi kwa phiri anatiuza kuti amayi onse anachapa nsalu zawo pokonzekera kukavina kumsonkhano wa chipani. Za mkazi wanga sankadziwa kanthu. Tsiku limenelo nyemba zinandikanika.

A sajeni anali ndi ana anayi omwe sanawaone chaka chathunthu. M'mawa mwake analemba m'buku kuti kumadzulo kwaoneka zinthu zokayikitsa, ndipo analamula kuti mudziwo uzionedwa kawiri patsiku. Amuna khumi ndi awiri amfuti anayamba kulondera chingwe choyanikapo zovala cha apongozi anga. Aliyense akatsika pamwala woonerapo ankapereka lipoti ataimirira njo.

"Apongozi alipo, bwana. Mbuzi ziwiri. Mkazi palibe."

Tsiku lachitatu mnzanga wina anatsika akuseka.

"Matewera asanu ndi limodzi, bwana."

Mwana ndiye analipo, wamoyo. Koma oyanika anali apongozi. Ndinkadziwa kuti mayi satuluka m'chikuta mchombo wa mwana usanagwe. Ndinkadziwanso kuti khanda lamasiye nalo limavala matewera. Ndinayamba kuwerenga anthu olowa pakhomopo, kuti ndione ngati akuchuluka ngati pamaliro. Amayi atatu akaima pamodzi, mtima unkaima nawo.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, masana, chitseko chinatseguka. Anatuluka pang'onopang'ono akugwira khoma, nakhala pakhonde. Kenako anatembenukira kuphiri kwathu n'kukweza kamtolo koyera m'mwamba. Iye sakanandiona. Ankangoonetsa mwanayo phiri lonse.

Ndinakanirira magalasiwo mpaka a sajeni anakhosomola.

"Aoneka?"

"Aoneka, bwana. Onse awiri."

"Lemba kuti kumadzulo kuli bata. Magalasi abwerere ku Mozambique."

Patatha mwezi yankho la pempho langa linafika. Anandipatsa tchuthi cha masiku atatu, koma chiphaso ndinayenera kukasainira ndekha kubalaki, tsiku limodzi kupita, tsiku lina kubwera. Lole inkayembekezeka Lachinayi, ndipo dalaivala anali ndi lamulo loti asaime paliponse. A sajeni anayenda mozungulira tenti kawiri, kenako anandiuza kuti alankhula naye, ndipo tayala lakumbuyo likuyembekezeka kuphwa pamphambano ya kwathu cha m'ma teni koloko.